Kutseka msewu wa Chipembere chifukwa cha mipikisano yothamanga, kodi ife a minibasi amatiganizira?

NaBangwe analemba:

Moni nonse m'gulu muno. Ndili ndi funso ndipo ndikufuna mundiyankhe mosabisa, makamaka inu amene mumathamanga nawo kapena munakonzapo zinthu zoterezi. Kodi akamatseka msewu waukulu m'tauni chifukwa cha ma fun run aja osonkhetsa ndalama zothandizira anthu, amayamba aganizira kaye za ife amene tsiku limenelo si holide kwa ife? Nanga amene amavomereza kuti msewu utsekedwe ndi ndani kwenikweni, ndipo uthenga wake ife tiziwumvera kuti?

Ndikufunsa chifukwa mayi anga anagonekedwa ku Queens, amene akuwadikirira ndi mng'ono wanga, ine mbali yanga ndi kuphika kunyumba ku Bangwe nkukapereka. Ndiye Loweruka lina ndinadzuka kudakali mdima, phala lothira nsinjiro mu kontena, tiyi mu fulasiki, zitenje zochapa mu jumbo, ndakwera ya ku Limbe bwinobwino, ndasintha ya Highway, kungodutsa pa Maselema basi galimoto zonse zaima njiii, kutsogolo makoni ndi anyamata ovala ma bibu akubweza aliyense. Kondakitala akuti tsikani azimayi pano ndi pomwe tathera, ndalama osabweza olo pang'ono, a kabaza nawo ataona kuti tasowa mtengo wogwira anangokweza mitengo kuwirikiza. Ndinayenda wapansi kuchokera pamenepo, Chichiri yonse, Poly, mpaka Ginnery Corner katundu ali kumutu, pofika nthawi yoonera odwala ya m'mawa inali itatha ndipo phala litazizira, chonsecho mayi amayenera kudya kaye asanamwe mankhwala.

Sindikudana ndi othamanga ayi, ndinawaona akudutsa, ena azimayi akuluakulu ndithu thukuta kamukamu, ndipo ndikudziwa kuti ndalamazo mwina zikupita kuzipatala zomwezo. Chimene chikundiwawa ndi chakuti palibe anandiuza. Ndikanadziwa dzulo lake bwenzi nditalawira kapena kukwera yodzera ku Chitawira. Ndiye ndithandizeni, zimayenera kuyenda chonchi kodi?

Dalaivala_wa_Highway anayankha:

Asisi pepani kwambiri ndi matendawo, Mulungu awakhudze mayi. Koma nkhani mwaiyambitsayi ife pa siteji timaikamba chaka ndi chaka. Ndisaikire kumbuyo kondakitala amene sanakubwezereni ndalama, ameneyo analakwa basi, munthu ukamutsitsa panjira umamubwezera yotsalayo. Koma mundimvetsenso mbali yathu. Abwana eni galimoto safuna kumva zoti kunali mpikisano, madzulo akufuna tageti yawo yokwana, ndipo ndalama ya Loweruka imapangidwa m'mawa, kuyambira cha m'ma 5 mpaka 9 pamene anthu akupita kokapikula ku msika wa Limbe, alonda akuweruka, a m'mashopu akupita kukatsegula. Maola amenewo ndi omwewonso othamanga amawafuna. Ukawataya sumawapezanso masana.

Anthu amangoti zungulirani, ngati kuzungulira ndi kwaulere. Blantyre ndi Limbe zimalumikizana kwenikweni ndi msewu umodzi wa Masauko Chipembere, ukatsekedwa aliyense amathamangira ku Kenyatta Drive kudzera Kanjedza, Nkolokosa, Chitawira kukatulukira ku Kamba, kapena mbali inayi ya Makata ndi Ndirande, ndipo misewu imeneyi ndi yopapatiza, galimoto imodzi ikangofera pakati ndiye kuti nonse mwagona pomwepo, mafuta akungopsa injini ikulira malo amodzi, mafuta omwe mwina wachezera nawo pa mzere ku filing'i. Ndiye pasenja amene anakwera kuti akatsike pa Shoprite kapena pa Poly ukamutsitsa kuti? Amakutukwana iweyo dalaivala, okonza mpikisano sawaona nkomwe.

Ine funso langa ndi lomwe lanulo, bwanji satiuza? Siteji iliyonse ili ndi tcheyamani wake, ku Limbe aliko, ku Mibawa aliko. Kalata imodzi yokha kapena ka mapu pa WhatsApp bwenzi tonse titadziwa usiku wake.

Wothamanga_Zingwangwa anayankha:

Mayi a ku Bangwe pepani, zimene zinakuchitikirani sizimayenera kuchitika ndipo sindikutsutsani. Koma ndiloleni ndiyankhe ngati munthu amene amakhala mkati mwa gulu lothamangalo, chifukwa ndaona ena m'magulu ena akulemba kuti tizikathamangira mu stediyamu basi, zimene sizingatheke. Kuzungulira bwalo kamodzi ndi mamita 400. Half marathon ndi makilomita 21.1, ndiye kuti kuzungulira kopitirira ka 50, marathon yonse ndi makilomita 42.195, nanga anthu mazanamazana mungawaunjike m'kanjira kamodzi ka mu Kamuzu Stadium? Mpikisano wa pamsewu umachitikira pamsewu, dziko lonse lapansi ndi choncho.

Ndipo kutsekako sikuti ndi matama ayi, ndi nkhani ya moyo. Ine ndimathamanga m'mawa uliwonse msewu usanatsekedwe ndipo ndikudziwa mmene zimakhalira, m'mbali mulibe poponda, pena ngalande yosavindikira, pena minibasi yaima pomwe ukudutsa, njinga yamoto ikubwera mbali yolakwika opanda nyale. Munthu amene wathamanga makilomita 17 mutu sumagwiranso bwino, miyendo imangopita yokha, sangathe kudumpha galimoto ikamubwerera. Muike anthu ochuluka chonchija pamsewu wotsegula, ena ndi ana a sukulu a 5 km, tsiku lomwelo mumva za maliro.

Komanso tisaiwale kuti dziko lino lili ndi anthu aluso pa kuthamanga mitunda italiitali amene amasowa poonekera. Catherine Chikwakwa anatenga mendulo ya siliva pa mamita 5000 ku mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse mu 2004, Mike Tebulo anathamanga marathon ku Olympics ya ku London mu 2012. Anyamata ndi atsikana a ku Mulanje, Zomba, Dedza amene amabwera pa mipikisano ya m'tauniyi ambiri ndi ochokera m'mabanja osauka ngati ife tomwe, ka mphoto kamene amapata ndi fizi ya mng'ono wawo kapena thumba la feteleza. Porters Race ya ku Likhubula ija siitsekereza munthu chifukwa ili m'phiri, koma ndi kamodzi pachaka ndipo si onse angathe kukwera Mulanje.

Pomwe ndikugwirizana nanu ndi apa: msewu sukuyenera kutsekedwa wonse kwa maola onse. Akatswiri amamaliza 21 km mu ola limodzi ndi mphindi zochepa, ife wamba maola awiri kapena awiri ndi theka, oyenda pang'onopang'ono atatu. Ndiye chofunika ndi galimoto yotsalira kumbuyo kwa munthu womaliza, iyo ikangodutsa makoni achotsedwe pompo msewu utseguke, osati kusiya chigawo chonse chotseka kudikira kuti mabwana amalize zolankhula ku stediyamu. Ndipo payenera kukhala nthawi yodulira, ikakwana wotsalayo akwere galimoto kapena apitirize m'mbali ngati munthu wina aliyense woyenda pansi.

Mjoni_wa_Randburg anayankha:

Nkhani iyi yandikhudza chifukwa kuno ku Johannesburg timakumana nazo, ndipo zazikulu kuposa za kumudzi. Nthawi zambiri mwezi wa November kumakhala mpikisano wa njinga wa 947 Ride Joburg, Lamulungu, amatseka mpaka mbali ya M1 yeniyeniyo, msewu umene masiku onse umakhala wodzaza. Mwezi womwewo kulinso Soweto Marathon. Kusiyana kwake ndi kwakuti kuno amalengeza kudakali masiku, pa wailesi, pa intaneti, zikwangwani m'mitengo ya magetsi, msewu wakuti utsekedwa nthawi yakuti utsegulidwa nthawi yakuti, ndipo nthawi zambiri amasungadi zimene alemba.

Koma musaganize kuti ndiye kuti onse amasangalala. Amene amavutika kuno ndi ife tomwe, a m'magadeni, a m'nyumba za azungu, alonda, a m'malesitilanti amene Lamulungu ndi tsiku la ntchito. Bwana ali ndi galimoto ndi foni yomuuza njira ina, kapena iye mwini ali pa njinga mu mpikisanomo. Iwe taxi yakutsitsa kutali, uyende wapansi, ukafike mochedwa, ena amadulidwa ndi malipiro. Ndinaphunzira kumuuziratu bwana sabata yathunthu kuti tsiku lakuti ndichedwa, ndipo ndimatha kutero chifukwa ndimakhala nditadziwa. Ndiye mfundo ya asisi a ku Bangwe ndi yoona, kudziwa kokhako kumachepetsa mavuto ambiri.

China chimene ndinaona ku Comrades, mpikisano wothamanga uja wa pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, unayamba kale mu 1921, pafupifupi makilomita 90 ndipo amapereka maola 12 kuti umalize. Tsiku lonse lathunthu limenelo, koma mbali yaikulu amadzera msewu wakale, N3 imene imanyamula mathiraki ochokera ku doko imakhala ikuyenda. Ndiye kuti anakhala pansi nkusankha njira yoti othamanga adutse popanda kupha mzinda. Kwathu vuto timafuna msewu womwe uli umodziwo.

Mlongo_ku_Deptford anayankha:

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku London ndipo ndimakhala dera limene London Marathon imadutsa. Imachitika mwezi wa April, Lamulungu, inayamba mu 1981, imanyamukira cha ku Greenwich ndi Blackheath, kuwoloka Tower Bridge cha pakatikati, kukathera pa The Mall, anthu opitirira 50,000 masiku ano. Ndalama zimene yasonkhetsera mabungwe othandiza anthu chiyambireni zinadutsa £1 biliyoni, ndiye palibe amene angaime nkunena kuti ithe. Koma agogo amene ndimawasamalira sadziwa za marathon, 8 koloko akufuna mankhwala awo ndi chakudya cha m'mawa basi.

Chimene chimatipulumutsa ndi zinthu zing'onozing'ono. Makalata amaponyedwa pakhomo lililonse kudakali masabata, mabasi amalembedwa kuti adzera kuti, ku ntchito amatisinthira ndandanda kuti aliyense akhale mbali ya msewu imene kuli makasitomala ake. Ndipo pali malo owolokera oyenda pansi, ndinaima nkumaonerera mmene amachitira: pakati pa msewu amapanga ngati kakhola ka zingwe, othamanga amawakhotetsera mbali imodzi, inu mumalowa m'kakholako, kenako amawakhotetsera mbali inayo inu nkutuluka kutsidya, mpikisano osaima olo sekondi imodzi. Sizifuna ndalama zambiri, ndi zingwe ndi anthu odzipereka ophunzitsidwa bwino.

Koma ndisakunamizeni kuti tingokopera za kuno. London ili ndi sitima za pansi pa nthaka, msewu ukatsekedwa pamwamba anthu amadutsa pansi. Blantyre ilibe zimenezo, ukatseka Chipembere watseka njira ya ku chipatala chachikulu cha chigawo chonse cha kummwera, kumene kumabwera ma ambulansi ochokera ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, onsewo amalowera ku Limbe. Kwa ine pamenepo ndiye poyambira, njira ya ku chipatala isamatsekedwe mbali zonse ziwiri zivute zitani, ndipo mayi wonyamula chakudya cha wodwala ndi gawo la chisamaliro cha wodwalayo, kwathu achibale ndi amene amagwira ntchito yambiri ya pa bedi.

Mkulu_wa_Komiti anayankha:

Ana anga, ndawerenga zonse ndipo ndiyankhe funso loyamba lija la amene amavomereza. Ine ndinakhalapo mu komiti yokonza bigi woko ya mpingo wathu yosonkhetsa ndalama zomangira, yaing'ono poyerekeza ndi mipikisano ya makampani, koma njira yake ndi yofanana. Timalemba kalata ku khonsolo ya mzinda ndi ku polisi, kutchula tsiku, nthawi, njira imene tidzadzere ndi chiwerengero cha anthu amene tikuyembekeza, a trafiki ndi amene amabwera kudzatsogolera ndi kuimitsa galimoto. Ndiye kuti sizichitika mwachisawawa, chilolezo chimakhalapo. Koma chilolezo ndi china, kudziwitsa anthu ndi china, ndipo gawo lachiwirili limasiyidwa m'manja mwa okonza.

Ndikuuzeni mmene zimathera mu komiti. Mumakhala ndi bajeti, matisheti, madzi, zokuzira mawu, mafuta a galimoto, achipatala a chithandizo choyamba, ndalama zikayamba kuchepa chinthu choyamba kufufutidwa ndi chilengezo cha pa wailesi, wina amangoti tiika pa Facebook. Tsono amene ali pa Facebook ya kampani kapena ya mpingo ndi omwe akubwera kudzathamanga, mayi wa ku Bangwe kapena wogulitsa tomato ku Limbe saiona. Ndipo chilengezocho chimakhala choitanira anthu, bwerani mudzathamange, kalembera ndi ndalama zakuti, osati chochenjeza kuti msewu wakuti udzatsekedwa kuyambira nthawi yakuti. Ndi zinthu ziwiri zosiyana zimenezi, ndipo ndikanakonda a khonsolo akanamakana kupereka chilolezo mpaka ataona umboni woti chenjezo laulutsidwa m'Chichewa pa wailesi zimene anthu amamvera, kangapo, komanso nsalu zolembedwa zapachikidwa pa Maselema, pa Chichiri ndi pa Clock Tower sabata yathunthu.

Za tsiku nazo ndi zovuta kuposa mmene mukuganizira. Mukati Loweruka, a bizinesi ndi a minibasi alira, komanso abale athu a Seventh Day akupita kotchalitchi. Mukati Lamulungu, misewu imakhala yopepukadi koma mipingo yambiri mapemphero oyamba amayamba 6 koloko, ndipo othamanga ambiri nawonso ndi akhristu safuna kujomba. Palibe tsiku lopanda mwini. Ine ndimaona kuti Lamulungu m'mamawa kwambiri ndiye pamene ovulala amachepa.

Koma chachikulu ndi ichi, Chipembere ndi msewu wa mbali ziwiri wokhala ndi malire pakati. Chimaletsa ndi chiyani kupatsa othamanga mbali imodzi, inayo nkuigawa ndi makoni kuti galimoto zizipita ndi kubwera pang'onopang'ono? Pa ma raundabauti ndiye pofunika apolisi okwanira, aziimitsa galimoto gulu likamadutsa nkuzilola pakakhala mpata. Zimafuna anthu ambiri ndi makoni ambiri, ndiye kuti ndalama, koma kampani imene ikutha kusindikiza matisheti masauzande singalephere zimenezo.

Ndipo poti anthu akuvutika m'dzina la chifundo, ali ndi ufulu wodziwa kuti chifundocho chinafika kuti. Mother's Fun Run ya a nyuzipepala ya Nation ija ndimailemekeza pa chifukwa chimenechi, cholinga chake ndi uchembere wabwino ndipo zipangizo zimakaperekedwa ku zipatala za m'maboma poyera, anthu nkuona. Aliyense wotseka msewu azichita chimodzimodzi, atiuze kuti tinatolera zakuti, zokonzera zinadya zakuti, zotsala tapereka kwakuti. Dalaivala amene wataya ndalama ya m'mawa mtima wake ungatsikeko atamva kuti pagulidwa mabedi a amayi oyembekezera.

Wothamanga_Zingwangwa anayankha:

Bambo mwalankhula zomveka, za mbali imodzi ya msewu ine ndavomera ndi manja awiri, bola makoniwo akhale oyandikana ndipo pakhale munthu pa mphambano iliyonse, chifukwa a kabaza akangoona mpata amalowa. Pa za kusamutsira mpikisano ku misewu ya phee ngati ya ku Namiwawa, Sunnyside kapena Nyambadwe, wina wandifunsa ku inbox, zingatheke pa 5 km ndi 10 km, koma ma sponsa amafuna msewu waukulu kuti anthu aone zikwangwani zawo, ndipo popanda iwowo palibe mphoto, palibe madzi a m'njira. Komanso zitunda za kumeneko si zamasewera. Ine ndingakonde tiziyamba 5 koloko kapena hafu 5, kunja kumakhala kozizira bwino kwa othamanga, ndipo pofika 8 koloko ambiri tamaliza. Chimene chimatichedwetsa nthawi zambiri ndi kudikira mlendo wolemekezeka kuti adzaimbe wezulo, anthu taima pa mzere kuyambira mdima, msewu watsekedwa kale, iye sanafike. Ola limenelo limatayika kwa ife ndi kwa inu omwe.

NaBangwe anayankha:

Zikomo nonse, ndaphunzirapo zambiri, makamaka zoti chilolezo ndi china kulengeza ndi china. Achimwene othamanga, ine sindikufuna mpikisano uthe, thamangani ndithu. Koma a komiti, mwati a khonsolo azikana chilolezo ngati palibe chenjezo, nanga ife anthu wamba tingakankhe bwanji kuti zimenezo zichitike? Tikauze khansala wa dera lathu kapena tilembe kalata ku ofesi ya mzinda? Ngati pali amene angathandize kulemba ine ndisaina, ndipo amayi a ku msika ndikhoza kuwauza.

Mkulu_wa_Komiti anayankha:

Zonse ziwiri mwana wanga. Khansala ndi amene amakalankhula pa msonkhano wa khonsolo, koma kalata yolembedwa imasiya umboni, ndipo ikhale yaifupi yopempha zinthu zooneka, osati kudandaula chabe. Ndikhoza kuyamba kulemba ine, nditumiza muno kuti aliyense awonjezere. Ndipo kope lina lipite kwa a bungwe loyendetsa masewero othamanga, chifukwa ndi iwo amene amayeza njira ndi kulangiza okonza.

Dalaivala_wa_Highway anayankha:

Madala lembani, ndipo muikemo izi za ife. Mapu a njira afike kwa matcheyamani a siteji ya Limbe, Mibawa ndi Wenela masiku atatu zisanachitike, olembedwa m'Chichewa, nthawi yotseka ndi yotsegula ili pomwepo. Tikadziwa ife oitanira aziuza anthu asanakwere kuti lero Highway ithera pakuti, wofuna ku Queens akwere yodzera ku Kamba, palibe wotsitsidwa panjira. Za kubweza ndalama ndikazikamba ndekha pa msonkhano wathu wa siteji. Achimwene a ku Zingwangwa, hafu 5 Lamulungu mbali imodzi ya msewu, ine ndilibe nazo vuto, koma Loweruka la kumapeto kwa mwezi anthu atalandira ndiye ayi, limenelo mutisiyire.